Timu Yopanda Kwao

Anyamata ambiri a masiku ano, ukawafunsa za mpira wa ku Britain, adzakuchulira matimu akuluakulu monga Manchester United, Liverpool ndi Arsenal, ndipo adzakuwerengera maina a osewera ace osaphonya ndi limodzi lomwe. Ici si codabwitsa ai, pakuti maso a munthu amathamangira mtengo wautali, ndipo zitsamba za patsinde pace saziona. Koma m'dziko lomwelo muli matimu ang'onoang'ono mazanamazana amene maina ao samveka kawirikawiri pa wailesi, ndipo ena mwa iwo ali ndi mbiri yoposa ya akuluwo pa kukoma ndi pa kulangiza komwe. Ine ndifuna kukukambirani za imodzi mwa matimu otere. Dzina lace ndi Newport County, ndipo kwao ndi ku Wales.

Poyamba ndinene m'mene munthu wonga ine, kalaliki wa Boma amene sanaolokepo nyanja, anadziwira timu ya kutali cotere. Njira zace ndi ziwiri. Pamene ndinali mwana pa sukulu ya mishoni, m'caka ca 2002, tinamva kuti mnyamata wobadwira ku Mufulira, dzina lace Robert Earnshaw, wagoletsa cigoli cimene dziko la Wales linagonjetsa naco Germany. Ife ana tinanyada ngati kuti tagoletsa ndife, ndipo kuyambira pomwepo ndinali kufunafuna dzina la Wales pa mapu ndi m'manyuzipepala. Njira yaciwiri ndi nchito yanga. Kalaliki amaswera ndi mabuku a mizere ndi manambala, ndipo amazolowera kuyang'ana kumunsi kwa tsamba, cifukwa kumeneko ndiko kumaoneka ngati cuma cakwana kapena caperewera. Cotero ndikatenga ndandanda ya matimu, anzanga ali kuyang'ana pamwamba kuti aone amene adzatenga cikho, ine maso anga amatsikira pansi kukaona amene ali pafupi kugwa. Kumeneko ndiko ndinakomana ndi Newport County, pakuti timu imeneyi yakhala zaka zambiri za moyo wace kumunsi kwa tsamba.

Wales ndi dziko laling'ono lamapiri, kumadzulo kwa England. Lili mu ufumu umodzi ndi England, koma anthu ace ali ndi cinenero caocao, mbendera yaoyao, ndiponso bungwe laolao loyang'anira mpira. Newport ndi mzinda wa kumwera, pa mtsinje wa Usk, pafupi ndi pamene mtsinjewo umathira m'nyanja. Unakula ndi malasha ndi citsulo. Malasha ocokera m'migodi ya m'zigwa anali kutsikira ku doko lace kukakwezedwa m'zombo, ndipo mafakitale a citsulo analemba nchito anthu zikwizikwi. Iye amene anakhalako ku migodi ya kwathu adziwa mtundu wa anthu otere: a zikhato zolimba, osacuruka mau, amene cimwemwe cao ca pa sabata ciri pa bwalo la mpira tsiku Loweruka. Timu yao inayambika m'caka ca 1912, pa bwalo lochedwa Somerton Park, kufupi ndi fakitale ya citsulo ya Lysaght. Malaya ace anali acikasu ndi akuda, ndipo anthu anali kuicha Ironsides, ndiko kuti a nthiti zacitsulo.

Kuti mumvetse nkhani yonse, muyenera kudziwa kayendedwe ka mpira wa kumeneko. Ngakhale Newport ili ku Wales, timu yace, monganso Cardiff City, Swansea City ndi Wrexham, imasewera m'maligi a ku England kuyambira kale. Maligiwo ali ngati makwerero. Pamwamba pali magawo anai a matimu 92, amene tingawache nyumba yaikulu. Pansi pace pali magawo ena ambiri, kutsika mpaka ku matimu a m'midzi amene osewera ace amagwira nchito zina masana. Nyengo ya mpira imayamba m'Ogasiti ndi kutha m'Mei. Masiku ano timu ikapambana imalandira mapointi 3, ikafanana mphamvu ndi inzace imalandira 1, ikagonja siilandira kanthu. Potha nyengo apamwamba amakwera, apansi amatsika. Kutsika kuli konse kumawawa, koma kutsika kucoka m'gawo lacinai ndiko koopsa kopambana, cifukwa ndiko kutuluka m'nyumba ija. Ndalama zimacepa, osewera abwino amacoka, ndipo matimu ena akatuluka sabweranso.

Newport County inalowa m'nyumbamo m'1920, m'gawo lacitatu. Zaka zace zoyamba zinali zaumphawi. M'1931 inacotsedwa ndithu, niibwezedwa caka cotsatira. M'1939 mwai unaimwetulira: inatsiriza yoyamba m'gawo lace, niikwera ku gawo laciwiri. Koma taonani tsoka. Itangosewera masewera atatu okha, nkhondo yaikulu yaciwiri inabuka, ndipo mpira wa ligi unaima zaka 7. Pamene unayambanso m'1946, anyamata a 1939 aja anali atakalamba, ena atabalalika. Pa 5 Okutobala caka comweco timu inapita ku Newcastle United niikathiridwa zigoli 13 kwa 0, ndipo 6 mwa izo anagoletsa munthu mmodzi, Len Shackleton, amene tsikulo anali kuvala malaya a Newcastle kwa nthawi yoyamba. Potha nyengo Newport inatsika, ndipo gawo laciwiri siinalionenso.

Panapita zaka zoposa 30 za kukongola ndi kupempha. Tsono m'1980 dzuwa linawala. Motsogozedwa ndi mphunzitsi Len Ashurst, timu inakwera kucoka m'gawo lacinai, ndipo caka comweco inatenga Cikho ca Wales pogonjetsa Shrewsbury Town. Kutsogolo kwace kunali anyamata awiri akuthwa, Tommy Tynan ndi John Aldridge, yemwe uja anadzachuka pambuyo pace ku Liverpool. Cikhoco cinawatsegulira khomo la mpikisano wa ku Ulaya wa matimu otenga zikho m'maiko ao. Anagonjetsa Crusaders ya ku Northern Ireland 4 kwa 0, nagonjetsanso Haugar ya ku Norway 6 kwa 0, mpaka anatsala m'gulu la matimu 8 otsiriza. M'Malici 1981 anapita ku East Germany kukakomana ndi Carl Zeiss Jena, timu imene inali itagwetsa kale Roma ndi Valencia. Palibe anayembekeza kuti timu ya m'gawo lacitatu ingabwereko ndi ulemu, koma Tynan anagoletsa kawiri, ndipo masewera anatha 2 kwa 2. Pa masewera obwereza anthu 18,000 anadzaza Somerton Park. Newport inapanikiza alendo ace usiku wonse, ndipo kangapo konse mpira unabwezedwa pa mzere weniweni wa goli, koma unakana kulowa. A Jena anagoletsa kamodzi kokha, napitirira.

M'1983 timu inatsala pang'ono kukwera ku gawo laciwiri, koma inapunthwa pa mapeto, niitsiriza yacinai pamene okwera anali atatu. Kucokera apo zinthu zinayamba kutsetsereka. Ngongole zinakula, osewera abwino anagulitsidwa mmodzimmodzi, timu yofooka inayamba kugonja, anthu anacepa pa cipata, ndipo ndalama za pa cipata zitacepa, ngongole zinakulanso. Ndiyo njira yozungulira imene kalaliki ali yense wosunga mabuku a ndalama aidziwa. Nthawi yomweyo nchito za malasha ndi citsulo zinali kucepa m'dera lonselo, ndipo tate wopanda nchito sagula tikiti ya mpira. Mvula ikakuona litsiro siikata. M'1987 Newport inatsikira m'gawo lacinai. M'1988 inatsiriza yomaliza ndi mapointi 25 okha pa masewera 46, niituluka m'nyumba yaikulu. Pa 27 Febuluwale 1989, nyengo yotsatira isanathe, khoti linalamula kuti timu itsekedwe cifukwa ca ngongole yokwana mapaundi ngati 330,000.

Pali cinthu cimodzi pa imfa imeneyi cimene cimandikhudza ine monga munthu wa mabuku. Timu ikafa pakati pa nyengo, akulu a ligi amafafaniza masewera ace onse a nyengoyo, ngati kuti sanaseweredwe konse. Mu ofesi ya Boma, mau akalembedwa molakwika timangodula mzere umodzi pamwamba pace kuti awerengekebe, cifukwa buku la Boma silifafanizidwa. Koma apa anyamata anathamanga, anakhetsa thukuta, ena anavulala. Anthu analipira pa cipata naima pa cisanu. Ndipo zonsezo zinacotsedwa m'buku. Timu ya zaka 77, imene zaka 8 zokha m'mbuyomo inanjenjemeretsa akatswiri a ku Germany, inasowa ndi mzere womwe pa ndandanda.

Apa ndipo nkhani ikanathera. Koma m'mwezi wa Juni caka comweco anthu 400 a mu mzindamo anagwirizana kuti ayambe timu yatsopano. Sanali eni cuma. Anali aja amene Loweruka lili lonse anali kuima pa bwalo pa mvula ndi pa mphepo. Anaicha Newport AFC, nasankha David Hando kukhala mkulu wa pampando. Anasonkha ndalama, nafuna osewera, nalandiridwa m'ligi yaing'ono yochedwa Hellenic League, magawo anai pansi pa nyumba ija. Koma khonsolo ya mzinda, eni ace a Somerton Park, inati timu yatsopanoyi ndi yakale yomwe ija, yangosintha dzina, ndipo popeza yakaleyo inasiya ngongole ya lendi, cipata sicitsegulidwa. Motero timu ya Newport inasowa posewerera mu Newport. Inakabwereka bwalo ku Moreton-in-Marsh, kamzinda ka ku England, mtunda wa mailosi 80, pafupifupi ngati kucoka ku Lusaka kufika ku Kabwe. Taganizani, owerenga anga: masewera amene pa pepala analembedwa kuti ndi a pakhomo, anthu anali kuwayendera mailosi 160 kupita ndi kubwera, kukaona anyamata osachuka akusewera ndi matimu a m'midzi. Ndipo anapita ndithu. Apo ndipo panacokera dzina limene timu ikali nalo, The Exiles, ndiko kunena opitikitsidwa kwao. Nyengo yoyamba yomweyo inatsiriza pamwamba pa ligiyo niikwera.

M'1990 analoledwa kubwerera ku Somerton Park, koma mpumulo wao unali wa zaka ziwiri zokha. M'1992 bungwe la mpira la Wales linakhazikitsa ligi ya dziko lonselo, nililamula matimu ang'onoang'ono amene anali kusewera ku England kuti alowemo. Bungwelo linali ndi cifukwa comveka: linaopa kuti dziko lopanda ligi yaceyace lingalandidwe mpando wace pakati pa maiko a mpira. A Newport naonso anali ndi cifukwa cao: anaukitsa timu ndi colinga cakuti aibwezere m'nyumba yaikulu, ndipo kulowa m'ligi ya Wales kukanatseka njira imeneyo. Pa mlandu wotere, pamene mbali zonse ziwiri zili ndi mau, wamng'ono ndiye amasenza katundu. Anauzidwa kuti akakana asasewerenso masewera ao a pakhomo pa nthaka ya Wales. Anakana, namanganso mitolo kunka ku Gloucester, kumene anakhala alendo zaka zina ziwiri. Pamodzi ndi Colwyn Bay ndi Caernarfon Town anatengera mlanduwo ku khoti lalikulu, ndipo m'1994 njira yobwerera kwao inatseguka. Koma Somerton Park sanaipezenso. Bwalolo linagumulidwa m'1993 kuti amangepo nyumba. Anayambira pa bwalo lina la khonsolo ku Spytty, losazoloweredwa ndi lopanda mbiri. Ngakhale zinali tero, kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka.

Kukwera kunali kwa mayendedwe a bilimankhwe. M'1999 anatenganso dzina lakale la Newport County. M'2010 anatsiriza oyamba m'gawo lacisanu ndi cimodzi ndi mapointi 103. M'2012 anasamukira ku Rodney Parade, bwalo lakale la masewera a rugby pakati pa mzinda. Tsono pa 5 Mei 2013, motsogozedwa ndi Justin Edinburgh, anakomana ndi Wrexham pa bwalo lalikulu la Wembley ku London: matimu awiri a ku Wales kulimbirana khomo limodzi lolowera m'nyumba yaikulu. Kwa mphindi 85 panalibe cigoli. Pamenepo Christian Jolley anagoletsa, Aaron O'Connor naonjezera, ndipo Newport inapambana 2 kwa 0. Zaka 25 zinali zitapita cituluke. Khanda lobadwa caka ca kugwa linali litasanduka munthu wandevu, ndipo ena mwa 400 aja anali atagona kale osaona tsikulo. M'2015 bungwe la ocemerera timu linaitenga kukhala yace, kotero kuti eni timu anali anthu omwe aja olipira pa cipata.

Tsopano ndifike pa nyengo ya 2016-17, imene ndinaitsata sabata ndi sabata, ndi imene ndiiyesa yopambana zonse pa kutiphunzitsa. Inayamba moipa. Mphunzitsi Warren Feeney anacotsedwa m'Seputembala timu ili pansi, ndipo analowa m'malo mwace Graham Westley. Bwalo nalonso linawaukira. Pa Rodney Parade panali kusewera matimu atatu, awiri a rugby ndi iwo, ndipo ndi mvula ya ku Wales udzu unasanduka thope, mwakuti masewera ena analekezedwa pakati cifukwa ca madzi. M'Januwale anabweretsa osewera atsopano ambiri, koma zinthu sizinasinthe kwenikweni. Pa 4 Malici 2017 Leyton Orient, timu inanso ya pansi penipeni, inawathira 4 kwa 0 pakhomo pao. Buku linaoneka motere: masewera 34, mapointi 26, malo omaliza pa matimu 24. Otsika ndi awiri apansi, ndipo malo opulumukirapo anali kutali ndi mapointi 11, masewera atatsala 12. Ine ndinawerengera monga ndimawerengera za mu ofesi. Timu imene inali kulephera kupeza pointi imodzi pa masewera ali onse inafunika kupambana kanai konse kuti ingopitirira mnzace wa pamwamba, ndiponso pokhapokha mnzaceyo ataima osapeza kanthu. Zaka 25 za kukwera zinali pafupi kutayika m'zaka zinai.

Pa 9 Malici Westley anacotsedwa, ndipo nchito inapatsidwa kwa Michael Flynn, wa zaka 36, amene anali asanatsogolerepo timu ya ligi. Iyeyu anabadwira mu Newport momwemo. Pamene timu yakale inafa anali mwana wa zaka 8. Pa unyamata wace anagwirapo nchito yogawa makalata, asanapite kukasewera ku Wigan, Gillingham ndi Bradford, ndipo pambuyo pace anabwerera kwao. Patapita masiku awiri okha timu inapambana 2 kwa 1 ku Crewe, niipambananso 1 kwa 0 ku Morecambe. Osewera anali omwe aja, bwalo lomwe lija. Sindikhulupirira kuti m'masiku awiri munthu angaphunzitse anyamata akuluakulu kamenyedwe katsopano ka mpira. Cimene ndiyesa ndi ici: mlendo akalephera amanyamula katundu wace nakafuna nchito kwina, koma mwana wa pamudzi alibe kothawira, pakuti adzakomana ndi anthu omwewo ku msika ndi ku maliro. Flynn anadziwa cimene kugwa kutanthauza mu mzinda umenewo, ndipo osewera anaciwerenga pa nkhope yace. Pa masewera 11 anapambana 6, nafanana mphamvu kamodzi, nagonja kanai. M'nthawi yomweyo Hartlepool United, timu ya kumpoto kwa England imene anali kuithamangitsa, inapeza mapointi ocepa okha. Pofika tsiku lomaliza Newport inali ndi 45, Hartlepool 43.

Tsikulo linali pa 6 Mei 2017. Leyton Orient inali itatsika kale; malo otsika anatsala amodzi. Newport inalandira Notts County pamaso pa anthu oposa 7,000, ndipo nthawi yomweyo Hartlepool inalandira Doncaster Rovers. Cigawo coyamba cinayenda bwino. Mickey Demetriou anagoletsa pa penate, ndipo kunamveka kuti Hartlepool ili kugonja. Koma m'cigawo caciwiri zonse zinatembenuka. Notts County inabweza cigoli. Ku Hartlepool mnyamata wolowa m'malo mwa mnzace, Devante Rodney, anagoletsa, nagoletsanso. Tsono matimu onse awiri anali ndi mapointi 46, ndipo mapointi akafanana amawerenga kusiyana kwa zigoli zogoletsa ndi zolandira; pa ciwerengero cimeneco Hartlepool inali patsogolo. Mbiriyo inafalikira pa bwalo kucokera pa mafoni a m'manja, munthu kuuza mnzace, ndipo ali yense anadziwa kuti zinthu zikatha tero Newport yatuluka m'nyumba kaciwiri. Otseka kumbuyo anasiya malo ao nathamangira kutsogolo, pakuti panalibenso coteteza. Pa mphindi ya 89 mpira unaponyedwa pafupi ndi goli la Notts County. Unagwera Mark O'Brien, wotseka kumbuyo, munthu amene anali asanagoletsepo cigoli ndi cimodzi comwe m'malaya a Newport. Anaulandira pa cifuwa, natembenuka, naumenya usanagwe pansi, ndipo unalowa. Mluzu womaliza utalira anthu anasefukira m'bwalo ngati madzi a mtsinje wodzala. Newport inatsiriza pa nambala 22 ndi mapointi 48. Hartlepool inatsala ndi 46.

O'Brien ameneyu, mwana wa ku Dublin, anacitidwa opaleshoni ya mtima ali ndi zaka 16, ndipo m'2020 anasiya mpira kuti akacitidwe yaciwiri. Cifuwa cimene cinalandira mpira uja cinali cong'ambidwa kale ndi mpeni wa dokotala. Ndiponso tisaiwale a Hartlepool. Iwo anapambana masewera ao tsikulo, nakhala opulumuka kwa mphindi zowerengeka, ndipo potsiriza anatuluka m'nyumba imene anakhalamo zaka 96. Tsiku limene mudzi wina uli kuvina, mudzi wina uli pa maliro, ndipo a Newport, amene anaidziwa njira ya kunja kuposa ali yense, anali oyenera kumva cisoni cimeneco.

Kupulumuka kuja kunabala zipatso. M'2018 Newport inacotsa Leeds United m'cikho ca FA Cup, niifanana mphamvu 1 kwa 1 ndi Tottenham pa Rodney Parade isanagonje pa masewera obwereza. M'2019 inacotsa Leicester City ndi Middlesbrough, niigonja kwa Manchester City. Koma musayese kuti kupirira kunawasandutsa olemera ai. Kawiri konse, m'2019 ndi m'2021, anafika ku Wembley kukalimbirana khomo la gawo lacitatu, ndipo kawiri konse anagonja 1 kwa 0 m'nthawi yoonjezera, kwa Tranmere ndi kwa Morecambe. Ndalama zosonkha ocemerera sizinathe kusenza timu ya malipiro mpaka kale, ndipo m'Januwale 2024, ndi cilolezo ca mamembala ace, bungwe lao linapereka gawo lalikulu la timu kwa Huw Jenkins, amene kale anali mkulu wa pampando wa Swansea City. Mwezi womwewo Manchester United inabwera ku Rodney Parade niitsogola 2 kwa 0; Newport inabweza zonse ziwiri, koma inagonja 4 kwa 2.

Nanga inu amene mwangotsiriza sukulu, mutolapo ciani pa mbiri ya anthu akutali awa? M'zaka zanga za mu ofesi ndaona mabungwe ambiri akulembetsa maina ao m'buku: makalabu a anyamata, magulu a alimi, timabungwe tosungitsa ndalama. Tsiku lolembetsa amabwera ambiri, atavala bwino, ndipo ali yense afuna mpando. Pakapita zaka ziwiri, ndalama zitasowa ndi mikangano itayamba, ukatumiza kalata palibe woiyankha. Ukafunsa, ali yense amati cinthuco cinali ca uje. Apo ndipo ndinaphunzira kuti mwini cinthu sadziwika pa tsiku la phwando. A Newport 18,000 anaona Carl Zeiss Jena, ndipo anacita bwino kubwera. Koma timu inaukitsidwa ndi 400, ndipo popanda iwo sipakanakhala Wembley, kapena Flynn, kapena cigoli ca O'Brien. Iwo sanagoletse cigoli ciri conse. Nchito yao inali kusonkha tindalama, kulemba makalata, kukhala pa misonkhano yotopetsa, ndi kukwera basi Loweruka m'mamawa. Mutu umodzi susenza denga, koma mitu 400 inalisenza zaka 25.

Ambiri a inu simudzayamba moyo pamwamba pa tsamba. Ena mudzapempha nchito nimudzakanidwa; ena mudzabwerera kumudzi kukagwira khasu anzanu ali m'tauni; ena mudzalowa m'kagulu kosauka kamene palibe acidziwa. Manambala adzakuuzani kuti mwatsala kutali, ndipo musawanyoze, pakuti manambala sanama: mapointi 11 aja analidi 11, ndipo ngongole ija inaphadi timu. Koma buku limangonena zimene zacitika kufikira lero. Masewera otsalawo mizere yace ikali yoyera. Cifukwa cace, mukapeza cinthu cabwino cimene ciri canu, kaya ndi sukulu ya pamudzi, kaya ndi kalabu, kaya ndi munda wa makolo, musacithawe cikayamba kugwa. Funsani kuti ngongole ndi zingati, masewera atsala angati, ndi anzanu otsala ndani. Tsono muyambe ndi omwewo.